A Laurenti ndi Thadzi la Magetsi

Aliyense wogulitsa pamsika wa Zingwangwa amawadziwa a Laurenti Alfazema, ngakhale iwowo sagulitsa kanthu. Ndi mdala wamtali, wowonda ngati nsungwi, wa jekete yabuluu yomwe pathumba pake pakuonekabe pamene panali baji ya ulonda. Anachokera kwa Tengani ku Nsanje m'chaka cha 1990, iwo ndi mkazi wawo Monika, pa sitima ija inkafika ku Limbe. Katundu wawo anali chikwama chimodzi, mphasa, ndi dengu lomangidwa nsalu pamwamba. M'dengumo munali misoti iwiri ndi katambala, zonse za kameta, nkhuku zopanda nthenga m'khosi zija. Anawapatsa ndi mayi ake a Monika. Anati m'tauni simukudziwa munthu, abale anu ndi amenewa.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri a Laurenti anali pageti la nyumba ina ku Naperi. Galimoto ikaliza hutala, kukoka. Ikalowa, kukankha. Mukati kasanu ndi katatu patsiku, ndiye kuti geti limenelo analikoka maulendo oposa 78,000. Pantchito yotere munthu amakhala ndi nthawi yoganiza, ndipo iwo anaganiza mpaka anapeza lamulo lawolawo, lomwe ankauza aliyense wokhala nawo pafupi: chamoyo chimayenda chokha, chopanda moyo chimayendetsedwa. Galu amayenda yekha, wilibala imayendetsedwa. Wina akati nanga mtengo, iwo ankati mtengo umayenda, kungoti umalowera kumwamba ndipo suli pachangu. Nanga madzi a mu Shire? Amenewo amakokedwa ndi mtsetse. Palibe ankawatha.

Mu 2017 bwana wawo anaika geti lotseguka lokha. A Laurenti anaima n'kumaliyang'ana likuyenda pakanjanji kake popanda dzanja la munthu, ndipo masiku awiri chakudya sichinawalowe bwino. Tsiku lachitatu anaona kabokosi kakuda m'manja mwa bwanayo, chala chikudina. Rimoti. Ndiye kuti likuyendetsedwa. Ntchito inatha mwezi womwewo, koma lamulo linapulumuka, ndipo anafika kunyumba akumwetulira mpaka Monika anawafunsa ngati adutsira kumowa.

Monika anamwalira mu 2022. Mwana sanasiye, pakuti banja lawo silinaonepo mwana. Anasiya nkhuku. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ankazisamala, matambala akubwereka kwa anzake a kwawo okha, ndipo mtundu wa m'dengu lija sunaduke. A Laurenti anapitiriza pomwe mkazi wawo analekera. Sankazidya. Zikachuluka ankapereka ku mphakati wa tchalitchi chawo, zina n'kutsala.

Ndiye mu Okutobala wa 2024 chitopa chinalowa m'dera lawo. Nkhuku zinayamba kuwodzera masana, mapiko ali lende, makosi opindika. M'masiku asanu ndi limodzi anakwirira khumi ndi imodzi. Inatsala imodzi yokha, thadzi lakuda lomwe linkafungatira mazira khumi ndi awiri kuseri kwa chitseko cha khitchini. Lachitatu m'mawa analipatsa moni monga mwa masiku onse, analiikira madeya ndi madzi. Silinagwedezeke. Sanadabwe, poti thadzi lofungatira siligwedezeka. Anasesa pabwalo, anachapa malaya, anabwera kudzaliona, lili chikhalire. Masana ndi pamene anaona ntchentche itatera padiso lake, disolo osaphethira.

Anapisa dzanja kunsi kwake. Mazira anali ofundabe pang'ono, mwina chifukwa cha malata otentha. Mtundu wonse wa nkhuku za Monika unali umenewo basi, mazira khumi ndi awiri. Anawaika m'chipewa, anafunditsa kansalu, ulendo wa kumsika.

Kuseri kwa msikawo kuli kashopu ka Hajara, mayi wachitsikana wogulitsa anapiye ndi chakudya cha nkhuku. Ali ndi makina oswera mazira, ooneka ngati firiji yaing'ono ya chitseko chagalasi, oyendera sola ndi batire. Mwamuna wake, Che Hussain, amakhala panja pa shopuyo ndi mpeni, kuzinga nkhuku zomwe anthu agula mumsika.

"Odi kuno, make Sumayyah," anatero a Laurenti, kumuitana ndi dzina la mwana wake.

"Lowani abambo. Dzuwa lonseli chipewa chili m'manja?"

"Mayi wawo wamwalira."

"Mayi wa ndani?"

Anavundukula kansalu kaja. Hajara sanafunse zambiri. Anangoti thadzilo linayamba liti kufungatira, ndipo atamva kuti Lamulungu la pa 6, anawerenga ndi zala: lero tsiku lakhumi, atsala masiku khumi ndi limodzi. Anatseka chitseko kuti m'shopumo mude, anayatsa tochi ya pafoni n'kumaunika dzira limodzilimodzi.

"Ili mulibe kanthu. Ili muli mitsempha. Ilinso. Taonani abambo, kakugwedezeka."

A Laurenti anasendeza diso. Maso awo anayamba kale kuchita ng'ala, choncho anangoona kufiira ngati khala la moto.

"Mwaona?"

"Ndaona kufiira."

"Basi, khulupirirani ine. Asanu ndi anayi ndi amoyo."

Analemba L ndi pensulo pa dzira lililonse la asanu ndi anayiwo, n'kuwaika pathireyi ya pamwamba, pakati pa mazira a anthu ena. A Laurenti anakhala pabenchi kuti apumeko. Ali pomwepo, m'makina muja munamveka kaphokoso, ndipo mathireyi onse anayamba kupendekeka pang'onopang'ono, kuchoka kumanzere kupita kumanja, kenaka n'kuima. Anayang'ana manja a Hajara. Anali pasikelo, akuyeza chakudya cha kasitomala. Anasuzumira panja. Che Hussain ankanola mpeni.

"Rimoti ili kuti?"

"Ya chiyani?"

"Wadina ndani?"

"Palibe wadina, abambo. Amatembenuza okha, maola awiri alionse. Si mmene limachitira thadzi?"

"Nanga adziwa bwanji kuti maola awiri akwana?"

"Amawerenga."

Mawa lake a Laurenti anabwera ndi wotchi yawo ya ku ntchito. Mathireyi anapendekeka 8 koloko, 10 koloko, 12 koloko, 2 koloko, osachedwa ndi mphindi yomwe. Anazungulira kuseri kwa makinawo, anatsatira waya mpaka padenga, anangopeza galasi la sola lili chagada padzuwa. Munthu wobisala panalibe. Kuyambira tsiku limenelo benchi ya Hajara inakhala yawo. Ankafika shopu isanatsegulidwe, n'kuchoka akutseka. Ankati akulondera mazira, koma maso anali pa bokosilo.

"Make Sumayyah, chinthuchi chimadya chiyani?" anafunsa tsiku lachitatu.

"Magetsi."

"Ndiye kuti chimadya. Mukachimana?"

"Chimazima."

"Chimafa."

"Chimazima, abambo. Ndikalumikizanso chimayaka."

"Nanga uku ndikumvaku si kupuma?"

"Ndi fani."

Anagwira galasi ndi kuseri kwa dzanja. "Thupi ndi lofunda."

"Madigiri 37 ndi theka."

"Kuchipatala amati ine ndi angati?"

Hajara anaseka. Anali akudzaza timatumba ta chakudya, ndipo anayankha maso ali pantchito. "Chabwino, mwapambana zonsezo. Koma chamoyo chimabereka. Ichi sichibereka."

"Nanga anapiye mukugulitsawa akutuluka kuti?"

"Mazira si ake. Chimangolera a eni."

A Laurenti anachotsa dzanja pagalasi. "Ine ndi Monika sitinabereke," anatero. "Tinkangolera za eni. Ndiye kuti tinali chiyani?"

Hajara anasiya kathumba asanakamange. Anawathirira tiyi wa m'fulasiki yake.

Amene sankawamvera chisoni ndi Che Hussain. Anamva za lamulo lija kwa anthu a mumsika, ndipo Lolemba lotsatira anawaitana panja. Nkhuku ya mayi wina inali itangodulidwa pakhosi, ikuphupha pansi, miyendo ikupalasa, mapiko akumenya fumbi.

"Madala, tandithandizani. Iyi ikuyenda yokha kapena ndikuiyendetsa ine?"

"Ikumaliza moyo wake."

"Ndiye ili moyo?"

"Ayi... ili panjira."

"Panjira ya kuti? Ya ku Chilobwe? Amayi awa akufuna kukaphika, ndiwauze kuti adikire ifike?"

Anthu anaseka, ndipo a Laurenti anaseka nawo, koma pobwerera kunyumba anadutsa pakhomo pawo osazindikira, mpaka anakatulukira pamjigo. M'mutu munali piringupiringu. Thadzi lawo linakhala chete, iwo n'kumati lili moyo, chikhalirecho litafa. Nkhuku ya Che Hussain ikudumpha, koma yafa. Mazira ali duu ngati miyala ya mumtsinje, Hajara akuti ndi amoyo. Ndiye bokosi limene likudya, kupuma, kutentha thupi ndi kusunga nthawi kuposa bwana aliyense amene anamudziwapo, onse akuti ndi chitsulo chabe. Zaka zonsezi ankaona ngati dziko lili ndi milu iwiri, uwu wa zamoyo, uwu wa zakufa. Tsopano zinali ngati wina waphatikiza nyemba ndi miyala m'thumba limodzi. Mawa lake polowa m'shopu anavulira makinawo chipewa. Sikuti anakhulupirira kuti ndi amoyo. Ankangoopa kulakwira chinthu chomwe chasunga mazira a mkazi wawo.

Lachinayi la pa 24 linali tsiku la 18. Odziwa ntchitoyi amadziwa kuti kuyambira tsiku limeneli mazira satembenuzidwanso, chifukwa mwanapiye amakhala akudzikonza, mutu ukuloza kumene adzabowolere. Hajara analawira m'mamawa, anatsitsira mazira asanu ndi anayi aja muthireyi ya pansi yomwe siyenda, anathira madzi m'kambale ka m'makinamo, n'kukwera minibasi ya ku Limbe kukapikula chakudya cha nkhuku. Za kutsitsa mazirako sanawauze a Laurenti. Kwa iye zinali ngati kuuza munthu wa ku Nsanje kuti Okutobala amatentha.

Mdalayo atafika anapeza malo a mazira ake pali ena. Anagwada, anafufuza thireyi ndi thireyi, mpaka anaona ma L ali pansi penipeni, atagona chammbali paokha. Anadikira 10 koloko. Mathireyi a pamwamba anapendekeka monga mwa nthawi zonse. Ake sanasunthe. Chimenechi ankachidziwa bwino. Thadzi likamva kuti dzira lasukusa, limalikankhira kunja kwa chisa ndi mlomo. Monika ankati pa zimenezi thadzi silinama.

"Che Hussain, lawakana."

"Lakana chiyani, madala?"

"Mazira anga. Lawatulutsa m'chisa. Onse asanu ndi anayi."

Che Hussain anasuzumira, manja ali nthenga zokhazokha. "Ine za m'bokosimo sindidziwa. Ine ndimadziwa mpeni. Dikirani mwini wake." Anaimba foni ya mkazi wake kawiri, siinayankhidwe. Kasitomala anamuitana, anatuluka.

A Laurenti sanadikire. Ankadziwa kumene mazira osukusa a pashopupo amapita: m'chidebe chimodzi ndi matumbo a nkhuku, kenaka kudzala. Mazira a Monika sangapite kumeneko. Anatsegula makina, anatola onse asanu ndi anayi, anaika m'chipewa, ndipo anauza Che Hussain kuti akukakwirira okha.

Kunyumba anakumba kadzenje pansi pa mtengo wa papaya, pafupi ndi khola lopanda kanthu lija. Anatenga dzira loyamba. Asanaliike pansi anati atsimikize mmene ankachitira Monika: kulifikitsa pakhutu n'kulikhutchumula. Dzira losukusa limayankha, m'kati mumamveka khutchukhutchu. Ili linali zii. Anakhutchumula mwamphamvu. Zii. Anatenga lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu, chimodzimodzi. Anawabwezera m'chipewa.

Apa ndi pomwe mutu unawaima. Kwa Monika, dzira logwedezeka m'kati ndilo lakufa, lachete ndilo lamoyo. Lamulo lawo linkanena zotembenuza. Ndiye panali bokosi lija, lomwe lagamula kale kuti mazirawa ndi akufa. Ngati bokosilo ndi lamoyo, ndiye kuti ndi thadzi, ndipo thadzi silinama: akwirire. Ngati ndi chitsulo chabe, silingadziwe kanthu, ndipo akakwirira akhala atakwirira amoyo ndi manja awo. Koma chitsulo chosadziwa kanthu chikanasankha bwanji asanu ndi anayi awo okha pakati pa mazira mazana atatu? Anayamba kumeneku, anakathera uko, anabwereranso pomwe anayambira. Funso lomwe kale linali locheza nalo pageti tsopano linali ndi dzenje lokumbakumba patsogolo pake.

Anakhala panjerwa, chipewa pamiyendo, jekete atafunditsa pamwamba kuti dzuwa lisawombe mazirawo. Sanakwirire, sanabwerere kumsika. Inakwana 11 koloko, inakwana 12. Mayi Magdalena, oyandikana nawo nyumba, anasuzumira pampanda n'kupereka moni, osayankhidwa. Atasuzumiranso patapita ola n'kuwapeza ali chimodzimodzi, anaponya kamwala pafupi ndi phazi lawo.

"Ndili moyo, amayi," anatero a Laurenti osatembenuka.

"Ndimati ndione. Mwakhalitsa."

Itangodutsa 1 koloko, njinga yamoto ya kabaza inaima pamsewu, ndipo Hajara anatsika isanaimitsitse. Analowa pampanda mpango uli m'khosi. Anaona dzenje, anaona khasu, anagwira pamtima.

"Abambo, mazira ali kuti?"

Anatukula jekete pang'ono. Hajara anapumira m'mwamba.

"Lawakana, mwana wanga. Lawatsitsira pansi."

"Ndawatsitsa ndine."

"Inu?"

"Ndi manja angawa, m'mawa. Masiku atatu omaliza safuna kugwedezedwa. Ndinalakwa osakuuzani."

"Si bokosi lasankha?"

"Bokosi silisankha kanthu. Silidziwa n'komwe kuti muli mazira. Mutaikamo mbatata lizitembenuza mbatatayo."

A Laurenti anayang'ana dzenje lija nthawi yaitali. "Ndiye kuti silidziwa kanthu."

"Silidziwa."

"Koma munati limawerenga."

"Abambo, zimenezo tikakambirana kushopu. Bweretsani chipewacho. Mwawachita chiyani china?"

"Atatu ndawakhutchumula."

Hajara anatsinzina. "Ati?"

A Laurenti anayang'ana m'chipewamo. Onse anali ndi L, onse ofanana. Sanathe kuloza.

Anabwerera wapansi, Hajara patsogolo atafukata chipewa ngati khanda, mdala pambuyo. Mazira anali atakhala kunja maola atatu ndi theka. Hajara anati kutentha kwa mwezi umenewo ndi jekete ija mwina zathandiza, koma sakulonjeza kanthu.

Lamulungu, tsiku la 21, a Laurenti anachoka ku Misa molunjika kushopu. Panalibe chilichonse. Lolemba m'mawa, chimodzimodzi. Sanafunsenso mafunso. Che Hussain naye anasiya zowaseka, ndipo masana anawagawira chinangwa chake. Cha m'ma 3 koloko Hajara anagwada pagalasi n'kuwakodola. Dzira limodzi linali ndi kabowo ngati kambewu ka mapira, ndipo m'katimo munkamveka kulira kwakung'ono. Maso awo sanaone kabowoko, koma makutu anamva. Anakhala pansi pa simenti pomwepo.

Pofika Lachiwiri masana anapiye anali asanu. Anayi anali ndi makosi opanda ubweya, ofiira ngati chala cha mwana wakhanda. A Laurenti anawagwira mmodzimmodzi n'kumasisita pakhosipo ndi chala chachikulu. "Takhuta," anathokoza m'chilankhulo cha kwawo, ndipo sizinadziwike ngati akuuza Hajara kapena wina. Mazira atatu Hajara anawaunika n'kupukusa mutu, ndipo mdalayo sanafunse kuti ndi ati. Linatsala limodzi. Silinabowoke, silinanunkhe, ndipo pa tochi linangooneka lakuda lonse, losanena kanthu.

Hajara anadonthezera anapiyewo katemera wa chitopa m'diso, dontho limodzi aliyense, n'kuwaika m'katoni ya mabowo. Anati asakayandikire khola lakale, agone m'nyumba, pambali pawo pakhale botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsanza. Kenaka anatenga dzira lotsala lija.

"Ili ndiliswe tione."

"Mukaliswa muli wamoyo?"

"Afa."

"Mukalisiya muli wakufa?"

"Liphulika, liwononga mazira a anthu."

"Ndiye tidziwa bwanji?"

"Sitidziwa, abambo. Timangodikira, kenaka timatopa."

"Ine sindinatope."

Hajara anawayang'ana, anayang'ana thireyi ya pansi yomwe mawa lake inkafunika mazira ena makumi asanu ndi limodzi. Analikulunga dziralo m'kapepala, analiika pakona penipeni.

"Mpaka Lachisanu m'mawa."

"Lachisanu madzulo."

"M'mawa, abambo. Malo ndilibe."

"Masana. Che Hussain akamabwera ku mzikiti."

"Musandilowetsemo ine, madala," anatero Che Hussain ali panja.

"Masana," anavomera Hajara, n'kutseka chitseko cha makina.

A Laurenti ananyamula katoni ndi manja awiri, natuluka pang'onopang'ono, akupempha njira kwa azimayi a tomato.